A Mizeck ndi Ndowa ya Klorini

A Mizeck Kachingwe anakulira ku esiteti ya mphira, kumene bambo awo ochokera ku Ntcheu ankacheka mitengo kuti itulutse utomoni. Iwo mpeni wa mphira sanaufune. Anaphunzira ulangizi wa zaumoyo, ndipo anatumizidwa kwathu kuno ku Tukombo. Ndi bambo wamfupi, njinga yawo imalira ngati mbuzi, ndipo Chitonga chawo mpaka lero chimaseketsa ana. Ine ndine Dennis. Ndimagulitsa sopo, mchere ndi mabatire pamsika, ndiye ndimawaona kawirikawiri.

Mliri wa kolera utadutsa, komiti ya msika inalamula kuti aliyense wogulitsa zakudya azisamba m'manja pa ndowa ya madzi a klorini. Onse anamvera kupatula ama Tereza, amene amakazinga mandasi pafupi ndi benchi langa. A Mizeck akangotsegula botolo la klorini, mayiwa ankasiya mafuta pamoto n'kukaima kuseri kwa chigayo.

Wapampando wa komiti, ada Gerald, anatopa nazo. "Ama, msika si wanu nokha. Mukakananso Lachisanu likubwerali, chiwaya chanu muzikakazingira kunyumba."

Ama Tereza akulera okha ana atatu, ndipo onsewo amadyera chiwaya chomwecho. Ine ndinada nkhawa, ndinauza a Mizeck kuti awaonetse zithunzi zoopsa za odwala kolera zimene ankayenda nazo pophunzitsa, kuti achite mantha.

"Iwe Dennis, mantha ali nawo kale," anandiyankha. "Ndiwawonjezerenso ena?"

M'mawa mwake anabwera opanda botolo. Anakhala pa chitsa pafupi ndi chiwaya, n'kutola ndasi limodzi. "Ama, mandasi anu akuonda bwanji? Akudwala?"

"Akufanana ndi wogula," anatero ama Tereza, ndipo tonse tinaseka.

Kuseka kutatha, a Mizeck anatsitsa mawu. "Za ndowa ija, mukafuna kundiuza ndimva. Mukapanda kufuna, ndingodya ndasi langa."

Zimene anakambirana sindinazimve. Ama Tereza anadzandiuza okha pambuyo pake, ndipo anandilola kuzilemba. Amuna awo, a Bizwell, anamwalirira mu tenti ya odwala kolera. Thupi analipopera klorini, ndipo iwo sanaloledwe ngakhale kulikhudza. Akamva fungo la klorini msika umawachoka m'maso, amangoona tenti. A Mizeck sanawatsutse. Anangofunsa kuti, "Nanga inuyo mungakonde kusamba ndi chiyani?" Iwo anati sopo ndi madzi owiritsa, popeza moto ali nawo kale.

Lachisanu a Mizeck anaima pamaso pa komiti, koma za tenti sanatchule. "Lamulo lanu likufuna manja oyera. Sopo ndi madzi owiritsa n'zokwanira, ndikutero ndine wa zaumoyo. Ndowa ya klorini ikhalepo ya enafe, koma tiziyiika motsata mphepo kuti fungo lisamafike pa chiwaya. Ukawomba mwera, ipite kumpoto kwa chiwaya. Ukawomba mpoto, ibwere kummwera."

"Ndiye ndowa izidziwa mphepo ngati msodzi?" anafunsa ada Gerald.

"Ndowa ayi, ada. Wapampando."

Anthu anaseka mpaka ada Gerald nawonso anaseka. Anapita pa chidebe cha mpopi chimene ama Tereza anali atathiramo kale madzi owiritsa, anasamba ndi sopo mofatsa, n'kunena kuti madzi ofunda akukoma kuposa a komiti. Chiwaya chinatsala pamalo pake.

Kuyambira pamenepo a Mizeck akamaphunzitsa, kaya pamsika kaya ku sikelo ya ana, amayamba ndi kuchenjeza kuti, "Ndikufuna kutsegula botolo, amene fungo lake silimuyendera bwino asunthe, palibe amufunse." Zithunzi zoopsa zija anasiya kuyenda nazo. Ndaona ngakhale asodzi akuluakulu akusuntha mwakachetechete, anthu amene sindinkawaganizira n'komwe.

Ama Tereza akukazingabe, ndipo sopo amagula kwa ine. Lero mwera wawomba kuyambira m'mawa, ndiye ada Gerald adutsa pano atanyamula ndowa, akudandaula kuti anawasankha kukhala wapampando, osati woyang'anira mphepo.