Woyamba Kumasulira Atenge Ndowa

Sukulu yathu inali pamwamba pa phiri kupitirira Chezi, koma mjigo unali kumunsi kudambo. Aphunzitsi athu a masamu mu Sitandade 7 ankakhala pasukulu pomwepo, ndipo akazi awo ankadwala msana umene unkapola Lamlungu lokha, nthawi ya kwaya.

Tsiku lina anatiphunzitsa kubisa mawu m'manambala. A ndi 1, B ndi 2, mpaka Z, kenaka pa nambala iliyonse uwonjezere 3. Womasulira achotse 3 yemweyo. Analemba mzere wautali pabolodi, nati woyamba kumasulira aimike dzanja. Ine ndi matama anga ndinaimika, n'kuwerenga mokweza ndi pakamwa panga pomwe: "Woyamba kumasulira akatunge madzi a aphunzitsi." Kalasi yonse inafa nako kuseka. Chitunda chija ndinachikwera ndowa ili pamutu, mtima ukuwira.

Mawa lake wina anakawaza nkhuni, mkucha wina anakasoka fodya. Apo tinachenjera. Tonse tinkamasulira chamumtima, kenaka n'kukhala ndwii, tikuluma mapensulo. Aphunzitsi akasintha n'kuchulukitsa ndi 2, ife tinkagawa ndi 2 mwakachetechete, manja ali pansi pa desiki. Akatopa ankangoloza aliyense, komabe zinkatikomera kuti tawavutitsa. Sitinadziwepo masamu ngati chaka chimenecho.

Aphunzitsiwo ankalakalaka uhedi pa sukulu ina ku Madisi, kumene kunali magetsi ndi mpopi pakhomo, ndipo zonse zinkadalira lipoti la bwana woyendera sukulu. Bwanayo ankayembekezeka Lachinayi. Anatulukira Lachiwiri pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo, manambala ali kale pabolodi. Aphunzitsi anathamangira chofufutira.

"Ayi, musafufute, izi ndiye zabwino," anatero bwana. "Ana inu, ndani atimasulire?"

Zii. Aphunzitsi anatiyang'ana ndi maso opempha, koma sitinadziwe ngati akupempha kuti tiyankhe kapena tisayankhe. Ndikhulupirira nawonso sankadziwa.

"Palibe ndi mmodzi yemwe? Ana amenewa amaphunzira chiyani?"

Atafunsa kamasuliridwe kake, bwana anatenga choko okha n'kuyamba kuchotsa 3. Zilembo zinkatuluka chimodzichimodzi, aphunzitsi thukuta kamukamu. Atafika kumapeto anawerenga, n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti woyamba ndine. Ndowa ili kuti, aphunzitsi?"

"Bwana, ndi chitsanzo chabe."

"Ndati ndowa ili kuti?"

Tinaonerera pawindo bwana akutsetsereka ndi ndowa m'manja, aphunzitsi ali pambuyo, akuwomba m'manja ngati mkamwini wolakwa. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma aphunzitsi atabwerera m'kalasi, ali okha, anangokhala pampando, ndipo kunena zoona ndinawamvera chisoni.

Ku Madisi kunapita wina. Aphunzitsi athu anakalambira paphiri lomwelo, ndipo m'mawa tikamapita kusukulu tinkakumana nawo pachitunda, akukankha njinga, zigubu zili pakaliyala.