Malonje a Mayi Eneles

Amalawi a mu Nairobi akafuna kupita kwa Mayi Eneles ku Donholm amayamba atsimikiza kuti tsikulo alibe kwina kopita. Sikuti mayiwa ndi ovuta, vuto ndi malonje. Ukangopita kukatenga siketi imene akusokera, amakukhazika pampando, kukupatsa madzi, kenako n'kufunsa kuti, "Mwayenda bwanji?" Ukayankha kuti bwinobwino, amakuyang'ana ngati wawabera. Iwo amafuna kumva matatu amene wakwera, maminibasi a kuno aja, pamene watsikira, ndi amene unakhala naye pampando. Anyamata a ku Kilimani, aja ogwira ntchito m'mabungwe akuluakulu, anawapatsa dzina loti a Imigireshoni. Dzinalo iwo amalidziwa ndipo sadandaula nalo.

Anachoka ku Mponela ali mtsikana, kudzalera ana a banja lina la Chimalawi. Anawo atakula, banjalo linasamukira ku Ulaya n'kuwasiyira makina osokera. Anakwatiwa ndi Edmund, dalaivala wa konkuno, munthu wosayankhulayankhula amene anapirira malonje tsiku ndi tsiku mpaka Mulungu anamutenga. Kuyambira pamenepo moyo wawo ndi makina, tchalitchi, ndi mng'ono wawo Bessie wa ku Mponela. Bessie ameneyu akangomva kuti wina akupita ku Kenya, ngakhale sakumudziwa, amamupatsira kathumba ka mfutso wa nkhwani. Pakathumbapo amalemba dzina la mkulu wake ndi pamene amakhala, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wamaso ovuta awerenge.

Loweruka lina m'mawa, ali kalikiliki kupinda diresi la ukwati, anamva odi wa Chichewa pakhomo. Anapeza mtsikana wochepa thupi, maso ofiira ndi tulo, atanyamula kathumba ndi manja awiri. Kugeti kunali bambo wina wovala jekete lachikopa, foni ili kukhutu.

"Ndine Pempho, wa ku Mponela. Amayi anga amapemphera limodzi ndi Mayi Bessie. Anandiuza kuti ndikapereke m'manja mwanu."

"Lowa, mwananga."

"Ayi, ndingopereka. A Kingston akuti tifulumire."

Mayi Eneles anasuzumira kugeti kuja. Bamboyo anawalozera wotchi yake. Chinthu chimenecho chinawanyansa, chifukwa chibadwire sanalandirepo katundu wa kumudzi ali chiimire. Anamukokera mtsikanayo m'nyumba, n'kumupatsa madzi ndi tiyi, kenako malonje anayamba.

Pempho anati ayenda bwino. Iwo anamuuza kuti ayambire pakhomo pa amayi ake. Ndiye anafotokoza za basi ya ku Lilongwe, za pa Songwe, za kutentha kwa ku Dar es Salaam, za basi ina yodzafika muno. Anali atsikana asanu, ndipo onse amagona m'chipinda chimodzi ku Umoja, dera lina la mumzinda momuno. Mawa lake amayenera kukwera ndege kupita kukagwira ntchito za m'nyumba kwa Aluya.

"Dziko liti?"

"Anati tikadziwira pa eyapoti."

"Nanga ndege bwanji simunakwerere ku Lilongwe? Yatha?"

"Anati kumeneko masiku ano amafunsa zambiri, amafuna aone mapepala a ejenti. Anati njira yapansi ndiyo ilibe chipwirikiti."

"Pasipoti yako ili kuti?"

"Akutisungira a Kingston. Anati ife ndife ana, titha kutaya."

Mayi Eneles anaika kapu pansi. Ntchito ya m'nyumba amaidziwa, ndiyo inawabweretsa kuno, ndipo sachita nayo manyazi. Koma iwo pobwera ankadziwa dzina la abwana awo, ndipo pasipoti ankagona nayo kunsi kwa pilo. Sanafune kumuopseza mwanayo, choncho anapitiriza kufunsa ngati mwachizolowezi.

"Paboda polowa mu Kenya anakufunsani chiyani?"

"Anafunsa kumene tikupita. A Kingston anali atatiphunzitsa kale kuti tonse tinene kuti tikukaona azakhali athu."

"Azakhali ake ati?"

Pempho anayang'ana pansi, kenako analoza kathumba ka mfutso kaja. "Inuyo. Anaona dzina lanu pamenepa, n'kutiuza kuti tililoweze."

Mayi Eneles anadzuka pampando. Kenako analowa kuchipinda n'kuimbira Thumbiko, mmodzi wa anyamata a ku Kilimani aja, amene ntchito yake ndi yoona za anthu opita kukagwira ntchito kunja. Thumbiko anasiya nthabwala atangomva. Anati ejenti weniweni amakhala ndi laisensi ya boma, wopitayo amawerenga kontirakiti asananyamuke, ndipo pasipoti imakhala ndi mwini wake. Anati ofesi yoona zimenezi aiimbira, koma poti linali Loweruka, mwina adzayankha ndege itapita kale.

"Anti, chonde mtsikanayo musamulole atuluke. Ine ndikubwera, kungoti Ngong Road yadzaza."

"Wekha bwera ndi Ngong Road yakoyo. Ine ndiyamba."

Anatuluka n'kukodola bambo uja. "Achimwene, karibu. Munthu wa kwathu saima kugeti ngati wogulitsa makala."

Kingston analowa monyinyirika, nakhala m'mphepete mwa mpando. Anali Mmalawi ndithu, wolankhula Chichewa chothira Chingerezi. Anati iye ndi ejenti, akuthandiza ana ovutika kupeza mwayi, ndipo nthawi yawathera.

"Mwachita bwino kuwathandiza," anatero Mayi Eneles. "Laisensi yanu ndingaione?"

"Ili ku ofesi, mayi."

"Ofesiyo ili kuti?"

"Tikusamuka."

"Pepani ndi msamukowo. Tsono ine ndili ndi dandaulo. Mwauza boma la Kenya kuti ana asanu abwera kudzaona ine. Pano ndikuona mmodzi. Anayi enawo ali kuti? Mlendo wanga sagona ku Umoja ine ndili moyo. Mukapanda kundipatsa, ndipita kupolisi pompano kukanena kuti ana a mlongo wanga asowa. Akafunsa kuboda, apeza dzina langa, ndi la amene anawaperekeza."

Kingston anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Anati mayi asapupulume, nkhani ndi kukambirana. Iwo anati kukambirana amakukonda kwambiri, afunse aliyense. Ali mkati molankhula anali atamanga kale chitenje, atatumiza uthenga kwa amayi anzawo a kutchalitchi. Mmene amafika pa siteji ya matatu ndi Pempho, Kingston akuwatsatira monyinyirika, amayi atatu anali akudikira, ndipo mmodzi ananyamula fulasiki ya tiyi poti anamva kuti kuli ana anjala.

Ku Umoja anakwera masitepe amdima mpaka pamwamba. Chitseko chinali chokhoma ndi loko wakunja. Apa ndi pamene Mayi Eneles anakwiya zenizeni, ndipo mkwiyo wawo suchita phokoso. Anakhala pa sitepe n'kunena kuti sachoka. Anthu oyandikana nawo anayamba kutsegula zitseko, kufunsa m'Chiswahili kuti kwagwanji. Kingston anaona kuti madzi afika m'khosi. Anatsegula loko, anatulutsa mapasipoti m'thumba la jekete n'kuwaponya patebulo, nati akukagula eyataimu pansipa. Mpaka lero akugulabe.

Thumbiko anafika zonse zitatha, thukuta lili kamukamu, n'kupeza atsikana asanu atakhala pamkeka ku Donholm, aliyense atagwira pasipoti yake. Mayi Eneles anali atabwerera pamakina, akupinda diresi la ukwati lija. Anapumira m'mwamba, mtima unakhala pansi, ndipo anathokoza Mulungu chifukwa cha Bessie ndi zilembo zake zikuluzikulu.

Koma musaganize kuti anawaimbira nthungululu. Pempho analira tsiku lonse. "Mwandiwonongera mwayi, amayi. Kumudzi anatsanzikana nane kale. Ndikabwerera ndikanena chiyani?" Mawu amenewa anawapweteka, chifukwa sanali opanda pake. Kumudzi kunalibe ntchito dzulo, ndipo sikukhala ntchito mawa chifukwa choti Kingston wathawa. Iwo anangoti, "Ukanene kuti azakhali ako anakukaniza. Andinene ine."

Masabata otsatira Thumbiko anayenda nawo m'maofesi, ndipo Amalawi a kutchalitchi anasonkherana za ulendo. Atsikana onse anabwerera kwawo. Awiri anadzapitabe kunja patapita nthawi, kudzera kwa ejenti wa laisensi, akudziwa dziko ndi dzina la abwana, ndipo amaimba foni. Pempho anakana kuyesanso. Masiku amene anakhala ku Donholm anaphunzira kupinda ndi kuika zipi, ndipo pano amasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ina pa Mponela. Foni yake yoyamba kuimbira Mayi Eneles inachedwa miyezi. Sanapepese, sanathokoze, anangofunsa mmene amadulira kolala. Iwo anamva zimene amatanthauza.

Chimene chimawasowetsa mtendere ndi chimene mtsikana wina anawauza tsiku lija, kuti m'chipinda cha ku Umoja anapezamo mipango ndi masilipasi a atsikana ena amene anadutsamo iwo asanafike. Amenewo palibe anawapatsira kathumba. Palibe akudziwa kumene ali.

N'chifukwa chake anamuuza Bessie kuti alengeze kutchalitchi, kuchigayo ndi kumsika, kuti mtsikana aliyense wodzera ku Nairobi azipatsidwa katundu wa Mayi Eneles, ndipo azimuuza kuti akapereke m'manja. Uthengawo unafika mpaka ku Dowa ndi ku Kasungu. Lero mukalowa m'nyumba mwawo mupeza mfutso pamwamba pa kabati, kunsi kwa bedi, ndi m'chitini cha ulusi. Dokotala anawauza kuti achepetse nsinjiro, ndipo mfutso wopanda nsinjiro iwo saudya, koma akamva odi pakhomo amalandira kathumbako ndi manja awiri, n'kukoka mpando.

"Khala pansi, mwananga. Wayenda bwanji? Yambira pakhomo pa amayi ako."