Ambulansi ya Makatani

Amuna anga anayendetsa galimoto za boma mpaka imvi mbuu, ndipo ankadzitama kuti palibe msewu m'dziko muno umene sanaupondepo. Ine ndinkawayankha kuti inde munauponda, koma munaonako chiyani? Si makomo a maofesi basi, mukudikira abwana? Mawu amenewa anawasunga mumtima. Atapuma ntchito, tikukhala pa boma la Mchinji pomwe ine ndinkaphunzitsa ku pulayimale, anapita ku okushoni ya galimoto zotha za boma n'kubwerako ndi ambulansi yakale.

Ambulansi, abale! Anzawo akugula chigayo, ena malata, iwo ambulansi. Anaipaka penti wobiriwira, koma dzuwa likawomba mtanda wofiira uja unkaonekerabe pansi pake. Chinyale cha padenga anachisiya, ati akachichotsa mvula izilowa. Handibuleki sinkagwira, moti tikaima ine ndinkatsika kukasaka mwala woika kuseri kwa tayala. M'kati anaikamo matiresi, sitovu ya palafini, chigubu cha madzi ndi paipi yokokera petulo.

"Amayi," anatero, "holide ino tizungulira dziko lonse, ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Kogona ndi momwemu."

Kenako anandipempha kuti ndisoke makatani okhuthala a mawindo onse. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Amuna anga anali ndi matenda a shuga ndipo ankadzibaya jakisoni m'mawa uliwonse, koma manyazi ake! Ngakhale ana athu sanawaonepo akudzibaya. Mankhwalawo, timabotolo tiwiri, tinkasunga mu kamtsuko ka mchenga wonyowa kuti asatenthedwe. Lamulo la kuchipatala linali limodzi, ndipo linandilowa m'mafupa: akabaya, adye msanga. Akachedwa kudya, mankhwala aja amadya shuga yense wa m'thupi, munthu n'kuyamba thukuta, kunjenjemera, kenako kukomoka. Akapanda kupatsidwa chotsekemera sadzukanso.

Tinanyamuka nyengo yozizira, anthu atamaliza kukolola. Tinkafuna kudzera msewu wopita ku Kasungu, koma tisanatuluke n'komwe m'boma lathu injini inayamba kutentha. Tinapatukira pa bwalo la sukulu ina ya kumudzi, pafupi ndi mjigo. Sukulu inali yotseka, aphunzitsi kulibe. Ine ndinati tiyeni tikadzionetse kwa eni mudzi, iwo anati, "Aaa, tikungogona, mawa tilawirira. Tivutitsirenji anthu?" Amayi awiri amene ankatunga madzi anatiyang'ana, anayang'ana galimoto, n'kunyamula ndowa zawo zisanadzaze. Ndinawapatsa moni koma sanayankhe.

Nkhani za anamapopa tinali titazimva pa wailesi, zoti kuli anthu oyenda ndi galimoto amene amapopa magazi a anthu akugona. Zinkamveka kumwera, ndipo ife tinkaziseka tili pakhonde pathu. Sindinaganize kuti mphekesera imayenda kuposa ambulansi.

Kutacha ndinayatsa sitovu panja n'kuteleka phala. Iwo anatseka makatani onse, monga mwa masiku onse. Nditamva kabotolo kakuti khwe mumtsuko ndinadziwa kuti abaya.

"Amayi, phala."

"Latsala pang'ono, dikirani libwadamuke."

Ndikuvundula choncho, ndinamva phokoso ngati ng'ombe zikutuluka m'khola. Nditadzutsa mutu, ndinaona anthu akutulukira kuseri kwa makalasi. Amuna ndi mipini ndi zikwanje, akazi ndi miyala. Sankathamanga ayi, ndipo chimenecho ndi chimene chinandiopsa kwambiri. Ankabwera pang'onopang'ono, ali duu. Mthiko unandipulumuka n'kugwera m'phala.

Patsogolo panali bambo wina wamtali wovala jekete yong'ambika paphewa. Ndinagwada monga mwa ulemu n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, abambo?"

"Muli chiyani m'galimotomu?"

"Muli amuna anga. Ndife apaulendo, tachokera pa boma pomwepa."

"Apaulendo ogona patchire, nyumba zilipo? Nanga mwatsekeranji nsalu?"

Ndisanayankhe, wina anakuwa kuti, "Taonani mtanda! Ndi ya chipatala, angoipenta!" Mwala woyamba unagwa pa windo la kumbuyo, phwaa! Anthu anakhamukira kutsogolo, ndipo m'chipwirikiti chomwecho phazi la munthu linagunda sitovu. Ndinaona ndi maso angawa phala lonse likukhuthukira pa dothi, fumbi n'kulimwa. Mayo ine! Anthu ankaganiza kuti ndikulira windo.

Amuna anga anatsegula chitseko manja ali m'mwamba. Anayamba kulankhula mofatsa ndi Chichewa chawo cha muofesi, koma anawakokera pansi n'kuwakhazika pa dothi atatsamira tayala. Anyamata analowa m'galimoto n'kuyamba kuponya katundu panja. Matiresi, zovala, chitini cha shuga chimene chinatseguka n'kupondedwapondedwa mpaka shuga kusanduka dothi. Kenako paipi ija.

"Iyi! Yopopera!"

"Ndi ya petulo, tanunkhizani!" ndinakuwa. Palibe ananunkhiza.

Ndiye anatulutsa kamtsuko kaja. Bambo wa jekete anapisamo dzanja n'kuvuula kabotolo, wina n'kubweretsa kabokosi ka majakisoni. Anawakweza m'mwamba kuti onse aone. Mfuu imene inatuluka pamenepo sindinaimveponso, ndipo sindifuna kudzaimvanso. Kabotolo kamodzi anakaphwanyira pa sitepe ya galimoto.

"Abambo, auzeni!" ndinatero. "Auzeni za matenda anu!"

Anandiyang'ana. Kunja kunkazizira moti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa, koma iwo thukuta linali kamukamu pachipumi. Milomo inkagwedera. Anati, "Amayi... ndikumva..." Osamaliza. Manja anayamba kunjenjemera pa maondo.

Zikwanje ndinaziiwala. Ndinayamba kupempha aliyense amene anali pafupi, ndikugwira anthu miyendo. "Chonde, shuga! Uchi, thobwa, nthochi, chilichonse chotsekemera! Akufa awa!" Ankandikankha ngati ndine galu wachiwewe. Ndinayesa kukokolola shuga wa pa dothi uja ndi zala, wina anandiponda dzanja. Nditacheuka, amuna anga anali atapendekeka, mutu uli paphewa, maso atatembenuka.

Anthu anabwerera m'mbuyo. Kenako mayi wina wachikulire analankhula motsitsa, koma onse anamva.

"Wawapopa. Bambowa si mnzake ayi. Wawatola panjira, wawapopa usiku."

Manja ambiri anandigwira nthawi imodzi, duku linagwa, bulauzi inang'ambika. Wina anali atanyamula kale chigubu chathu cha palafini. Ndinamva fungo lake lili pafupi ndi ine. Ndikuuzani zoona, ndinadzikodzera, mphunzitsi wathunthu, pamaso pa mudzi wonse.

Koma mantha akafika pamapeto amasanduka ukali, ndipo ine pakamwa ndinabadwa napo. Ndinakuwa ndi mawu amene ndinkakhalitsa nawo chete kalasi ya ana osamva. "Ndiotcheni! Ndati ndiotcheni, machesi ali m'thumba la matiresi umo! Koma muyambe mwawapatsa chotsekemera amuna angawa! Ndawaphikira zaka zonsezi kuti adzafere pa fumbi chifukwa cha mbale imodzi ya phala? Mwalitaya ndinu phalalo! Mulibe manyazi?"

Pafupi nane panali mayi wina wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wakuda, wamfupi, mwana kumsana. Kudzanja anali ndi mwala waukulu wosalala, wa kumtsinje. Ndinali nditamuona kale chifukwa ankaukweza n'kuutsitsa, ngati akuyeza pondigenda. Iyeyu ndiye anati, "Dikirani. Ngati wawapopa, atiuze okha. Tiwadzutse." Bambo wa jekete anati zachibwana, koma amayi ena anavomereza kuti eya, alankhule mwini wake. Mayi wa mwala uja anali pa ulendo wokagulitsa nzimbe kumsewu, ndipo mtolo wake anali atauponya pa mjigo. Anathamanga kukasolola imodzi.

"Sangatafune," ndinatero. "Afunika madzi ake."

Anandiyang'ana ndi diso loipa, koma anathyola nzimbe ija pa bondo, anaika pa sitepe ya galimoto, n'kuyamba kuiphwanya ndi mwala uja. Pha! Pha! Zophwanyikazo anazikulunga pa ngodya ya chitenje chake n'kufinyira m'kapu yathu imene inali pa dothi. Amene anandigwira aja anandimasula dzanja limodzi lokha. Ndinakweza mutu wa amuna anga n'kuyamba kudonthezera pa lilime, pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Madzi ena ankatsikira m'khosi la malaya.

"Mezani, abambo. Mezani, ndapota nanu."

Kholingo linagwedezeka. Mayi uja anaphwanya ina, ndi inanso. Wa palafini uja anali chiimire pambali panga, chigubu chotsegula. Ndinkadziwa kuti amuna anga akapanda kudzuka, tipita tonse awiri. Ndinkadziwanso china chimene anthuwo sankachidziwa, kuti munthu wa shuga akamatsitsimuka mutu umakhala utasokonekera. Tsiku lina kunyumba anadzuka n'kundifunsa kuti ndine yani.

Anaphethira. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana miyendo ya anthu. Bambo wa jekete anawerama.

"Bambo, mwadzuka? Musaope, tawagwira. Mayi awa mukuwadziwa?"

Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Maso anali mbee, opanda kanthu. Anandiyang'ana kumutu kopanda duku, bulauzi yong'ambika, ndipo nkhope yawo inayamba kukwinyika monga inkachitira tikachedwa ku tchalitchi.

"Amayi, phala lija mpaka pano? Inu nthawi zonse kuchedwa. Ndipo duku lili kuti, pagulu chonchi?"

Mayi wa nzimbe ndiye anayamba kuseka. Anaseka mpaka mwana kumsana anadzuka. "Ndi amuna awo awa," anatero. "Iii, ndi amuna awo ndithu." Amayi ena anatsatira, ndipo manja amene anandigwira anayamba kumasuka limodzilimodzi. Ine sindinaseke. Ndinakhala pansi n'kulira mokweza ngati pamaliro.

Bambo wa jekete anali adakali ndi majakisoni m'manja. "Nanga izi?"

Amuna anga, amene sankavula malaya ngakhale pamaso pa ana awo, anamasula mabatani ndi zala zonjenjemera n'kuonetsa mimba yawo kwa mudzi wonse, yodzaza timadontho takuda ta singano. "Ndimadzibaya ndekha," anatero. "Ndimadwala shuga." Aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu amenewa kwa munthu amene si dokotala.

Palibe anapepesa. Anthu anangoyamba kuchoka, zikwanje zitabisidwa kumbuyo. Wina anabweretsa mbatata yootcha, wina anatola duku langa n'kulikung'untha. Kabotolo kachiwiri tinakapeza kali bwinobwino mumchenga. Potolera katundu ndinaona kuti mwala umene ndinaika kuseri kwa tayala dzulo lake palibe, wina anali atautola kuti atigende nawo, ndipo galimoto inali itayamba kutsetsereka. Mayi wa nzimbe anakankhirapo mwala wake uja ndi phazi, n'kusenza mtolo wake, ulendo. Ponyamuka ndinautola n'kuuika pansi pa mpando.

Ndinati tibwerere kunyumba. Iwo anati, "Tikabwerera lero, sitidzatulukanso." Tinakangana mpaka pa msewu waukulu, ndipo anapambana ndi iwo. Koma makatani ndinawathothola ndekha, onse, ndisanakwere.

Dziko tinalizungulira ndithu. Tinagona pa mabwalo a mishoni, pafupi ndi ma rodibuloko a apolisi, ndi pa malo ena olipira pomwe azungu ankamanga matenti pambali pa chilole chawo n'kumayanika zovala zam'kati poyera. Paliponse tinkayamba tapereka moni kwa eni malo. M'mawa ndinkayamba ndapakula phala, mbale ili m'manja, ndiye iwo ankakhala pa sitepe chitseko chili pululu, n'kukweza malaya. Ana akaunjikana ankawauza kuti, "Bwerani muone, ndi mankhwala a shuga awa." Mapiri a ku Chitipa ndinawaona, kutentha kwa ku Nsanje ndinakumva, koma kunena zoona sindinagone tulo tabwino ngakhale tsiku limodzi. Ndikamva mapazi a anthu opitirira awiri, dzanja linkathamangira pa nzimbe imene ndinkasunga pansi pa pilo.

Amuna anga anakhala zaka zina zingapo, mpaka matenda omwewo anawatenga ali pabedi lawo, atadya. Ambulansi ndinagulitsa kwa wina amene anaisandutsa khola la nkhuku. Mwala uja ndi umene ndimatsekerezera chitseko cha kukhitchini kuti mphepo isachimenyetse. Adzukulu anga amaukankha ndi phazi akamadutsa, ndipo ndikawakalipira amadabwa kuti agogo akulusiranji chifukwa cha mwala.