Jeneza lomwe ndinakhoma ndi misomali

Inu owerenga, ndinanyozetsa maliro a malume anga ndi manja angawa, ndipo mpaka lero ndikusowa pobisa nkhope.

Kusekondale kwathu ku Nkhotakota kunali phunziro la ukalipentala. Ndinkalikonda, koma ndinali waphuma. Aphunzitsi ankatiumiriza kulumikiza matabwa pogoba ndi tchizulo, lina lilowe m'linzake. Ine ndinkaona ngati n'kutaya nthawi pamene misomali ilipo. Akangotembenuka ndakhoma kale, mitu ya misomali n'kuimata ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Tsiku lina anagwedeza mpando womwe ndinapanga nati, "Mwana iwe, msomali umagwira lero lokha." Ndinaseka chamumtima.

Nditamaliza Folomu 4 ndinabwerera kwathu kufupi ndi mtsinje wa Bua. Akuluakulu akumzikiti anandipatsa ntchito yopanga jeneza latsopano, chonyamulira maliro popita kumanda. Ankati mwana wathu waphunzira, kuboma tikatanikonso. Ndinatenga matabwa aawisi, ndinakhomakhoma masiku awiri, n'kupaka utoto wobiriwira. Aliyense anayamikira, ine mapewa m'mwamba.

Patapita miyezi, malume amene anandilera bambo atamwalira anatisiya. Kwathu amuna amalandirana jeneza paphewa, aliyense anyamuleko pang'ono. Tili pakati pa njira, thabwa la kumutu linazuka, poti matabwa aja pouma anali atang'aluka pamisomali. Thupi la malume linatsetsereka n'kugwera m'fumbi, nsalu yoyera yomwe tinawakulungamo n'kuda.

Palibe anandikalipira. Bola akanandimenya. Anawanyamula pamanja mpaka kumanda, ine ndikutsatira m'mbuyo ndekha. Pamaliro otsatira nditapereka phewa, wonyamula anangondilambalala n'kupatsira wina. Amayi anasiya kunditchula pagulu.

Ndinasamukira ku Dwangwa. Ndimapanga zitseko m'kashedi kanga, ndimadya ndekha, ngakhale chikondwerero cha Idi chimandipeza ndikupala matabwa. Tsopano ndimagoba bwinobwino monga ankafunira aphunzitsi aja, koma akwathu amene ndikanakonda kuti aone ntchitoyo safika kuno. Ndimasungulumwa kwambiri, sindikubisirani.

Inu amene mukuphunzira luso la manja, kuthamanga sikufika. Liyembekezeni thabwa liume, ndipo gobani ngakhale palibe wokuonani, chifukwa chimene mukupangacho chidzasenza munthu, mwinanso wanu yemwe. Ine ndikadali mnyamata, koma ndimadzifunsa kuti tsiku langa likadzafika, adzandinyamula ndani.