Khitchini ya ku Mzuzu

Kalata ya amuna anga inabwera ndi sitima, ndipo ndinaiwerenga chiimirire pakhomo pathu ku Khuyu, manja adakali ndi fungo la chinangwa chovuula. Anali atakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri akuphikira banja lina la azungu. Pochoka anandisiya ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, moti mnyamatayo bambo ake ankawadziwira pachithunzi basi. Mtsikana wamkulu ankati amawakumbukira, koma ine ndikuganiza kuti ankangokumbukira zimene ndinkamuuza.

M'kalatamo anati akubwera ku Mzuzu kudzasintha pasipoti. Abwana awo anawapatsa masiku khumi okha, ndipo asanu ndi limodzi anali oti athera pabasi. Zowolokera ku Likoma panalibe, chifukwa sitima inkafika kamodzi pamlungu, ndipo akanachedwa kubwerera ntchito ikanathera pomwepo. Tsono anati ine ndi ana tiwoloke, tikakhale nawo masiku anayi. Malo ogona ndisankhe ndine, olipira ndi iwo. Kumapeto anawonjezera kuti ndipeze hotela yabwino yoti tizikangodya zophikaphika, ndikapumeko.

Mawu omalizawo anandikwiyitsa. Ndikapumeko? Munthu watha zaka zonsezo akusenda mbatata za eni ake, kudya chiimirire zotsalira m'mapoto, ndiye ine mkazi wake ndikapinde manja, wina n'kumatibweretsera mbale? Komanso ndinali ndi funso limene linkandilemera pamtima: adzabwera liti kumudzi, kubwera kobwereratu. M'makalata funso limeneli ankalilumpha ngati chithaphwi. Ndinkafuna ndiwafunse ndikuwaona nkhope.

Apongozi anga, mayi awo, miyendo inali itawakana kale, moti za ulendo sakanatha. Nditawawerengera kalatayo anati:

"Mukamufunse ndithu mwana wangayo, abwera liti kumuji. Koma mwamuna samufunsa nkhani yaikulu ali ndi njala. Adye kaye chakwawo, mtima ukhale pansi, ndiye mufunse."

Choncho ndinkafunika malo okhala ndi khitchini, ndiponso oti ana angakhalepo bwino. Vuto linali loti ku Mzuzu ndinali nditapitako kamodzi kokha, kukadwazika mchemwali wanga, ndipo ndinkagona pakhonde la chipatala. Za mahotela sindinkadziwa ngakhale kumene khomo limaloza. Safunsa anadya phula, ndiye ndinayamba kuyenda chilumba chonse kufunsa anthu oyendayenda.

Ndinayambira ku Yofu kwa aphunzitsi ena amene ankapita kawirikawiri kumisonkhano ya maphunziro. Iwo anayamikira hotela imene ankagonako mpaka thovu kukamwa: madzi otentha otuluka pakhoma, mabulangete awiriawiri, wailesi ya kanema m'chipinda, mazira m'mawa uliwonse. Ndinawamvetsera mpaka anamaliza, kenako ndinafunsa kuti nanga ndizikaphikira pati. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati ndikakangoyatsa mbaula mmenemo akandithamangitsa ndi ana omwe. Ndinathokoza, n'kubwerera njira yanga pansi pakutentha.

Kenako ndinapita ku Mbungo kwa alamu anga amene ankachita geni ya nsomba zouma. Iwo ankagona pa resitihausi ina pafupi ndi depoti ya basi, ndipo anati kuseri kwake kuli bwalo pamene aliyense amayatsa mbaula yake. Mtima unayamba kukhazikika. Koma nditafunsitsa zinatuluka zina: khoma limodzi ndi malo omwera mowa, nyimbo osalekeza, zitseko zotsekera ndi msomali wopinda, nsikidzi zonenepa kuposa eni malowo. Alamuwo anati munthu amazolowera. Ine ndinaganiza za mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinaganizanso za amuna anga amene ankaimba kwaya kutchalitchi ndipo mowa sankaulawa. Komanso sindinkafuna kuphikira mwamuna wanga pagulu, anthu akusuzumira mumphika.

Amene anandithandiza anali namwino wina wa kuchipatala chathu, mnzanga wa m'gulu la amayi kutchalitchi. Anati kunja pang'ono kwa tauni kuli malo a alendo okhala ndi timanyumba patokhapatokha mkati mwa mpanda: zipinda ziwiri, pabalaza, khitchini, ndi kapinga woti ana azisewerapo popanda galimoto. Nambala ya foni anandilembera pakapepala.

Nthawi imeneyo foni tinkakaimbira ku Chipyela, pakanyumba kena pamene munthu ankalankhula anzake apamzere akumvera. Anayankha mtsikana wa mawu a m'tauni. Ndinamufunsa ngati khitchiniyo ndi ya banja limodzi kapena ya onse, anati ya ife tokha. Mapoto alipo, mbale zilipo. Ndinafunsa ngati saletsa fungo la utaka, anati ndizikangotsegula zenera. Ana akamasokosa? Anati ana ndi ana. Ndiye ndinafunsa ngati ali ndi mtondo. Ndinangomva akuuza mnzake, onse n'kuseka. Pofika madzulo Khuyu yense anali atadziwa kuti ndikupita ndi mtondo kuhotela. Asiyeni aseke. Chigwada chosasinja mumtondo si chigwada, ndipo mtondowo ndinaunyamuladi, waung'ono uja wa nsinjiro.

Milungu iwiri ndinakhalira kukonzekera. Ndinazula chinangwa chabwino koposa m'munda, kuviika, kuvuula, kuyanika pamwala, kusinja, kusefa kawiri, kuti ufa wa kondowole ukhale wosalala. Alamu aja anandipatsa kampango wowamba ndi utaka. Ana anatola malambe ndi bwemba kuti akapatse bambo awo. Masamba a chigwada ndinathyola m'mawa wa tsiku la ulendo n'kuwakulunga m'nsalu yonyowa. Pokwera boti lopita kusitima, madzi ali m'chiuno, mtondo pamutu, anthu anasekanso. Tinatsikira ku Nkhata Bay, n'kukwera minibasi kudutsa m'mapiri, ndipo tinafika ku Mzuzu mano akugundana ndi kuzizira.

Malowo anali monga anandiuzira namwino uja. Amuna anga anafika m'mawa mwake. Ndinawaona akulowa pageti ndi chikwama chimodzi, ataonda pang'ono, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu. Mtima wanga unkafuna ndithamange ndikawakumbatire, koma mlonda ankatiyang'ana, ndiye ndinagwada n'kupereka moni monga anatilerera, kenako ndinalandira chikwama. Mtsikana anawathamangira. Mnyamata anabisala kuseri kwa chitenje changa, akusuzumira ndi diso limodzi.

M'khitchinimo munali chitofu cha magetsi cha mafuwa anayi. Ine ndinali ndisanagwirepo chotero. Magetsi anali atafika pachilumba, koma kwathu tinkangowaonera pamapolo. Ndinaima pamenepo ngati mbuzi yosokera. Amuna anga analowa, n'kundionetsa kopotokola, dzanja lawo pamwamba pa langa. Ankamveka fungo la sopo wachilendo. Anati ndiwasiyire aphike ndi iwo, poti ndiyo ntchito yawo, kapena tiphike tonse awiri tikucheza.

"Kuno si kwa azungu anu," ndinatero. "Kakhaleni pansi."

Anaseka, n'kutuluka. Ndinanyada kwambiri ndi yankho langalo.

Chitofucho chinali choyang'ana kukhoma, ndiye pophika pabalaza ndinkapafulatira. Ndinkangomva mawu: mtsikana akufotokoza za kusukulu, bambo ake akuyesa kunyengerera mnyamata ndi kagalimoto kachidole, kenako kuseka kwa onse atatu. Ndinkamwetulira ndekha ndikusinja. Kondowole ndi wovuta pachitofu chachilendo, woyamba anachita mabulu ndipo ndinamutaya mobisa. Wachiwiri anatheka. Amuna anga anadya maso atatsinzina, mpaka kunyambita zala. Atasamba m'manja anati chimene chasowa ndi maji a kunyanja okha. Ndinati nthawi yake ndi ino. Ndinachotsa mbale, kutsuka msangamsanga, koma pobwerera ndinawapeza atagona pampando, mnyamata uja atagonanso pachifuwa pawo. Masiku atatu apabasi si masewera. Ndinawafunditsa chitenje, n'kunena kuti mawa.

Tsiku lachiwiri analawirira za pasipoti, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka, atatopa. Ndinati lero si tsiku lake. Pogona napo panalibe mpata, chifukwa ana anakana chipinda chawo. Chipinda chimene ndinachiyendera chilumba chonse chinakhala chosungiramo ufa, anawo n'kumagona pakati pathu.

Tsiku lachitatu khitchini ija inandiwukira. Anthu akwathu okhala ku Mzuzu anamva kuti mtchona wafika, ndiponso kuti pali kondowole wa ku Likoma weniweni. Anabwera asuweni, anzawo a kusukulu, ena oti sindinkawadziwa n'komwe, aliyense ndi uthenga woti upite kwa m'bale wake ku Joni. Tikanakhala kuhotela ya aphunzitsi aja akanangopereka moni n'kumapita. Koma pamene pali moto ndi mphika mlendo sabwerera ndi njala, ndipo ine si amene ndikanachititsa manyazi amuna anga. Amati mlendo ndi mame, koma mame amenewo sanakamuke mpaka dzuwa kulowa. Ndinaphika kanayi. Onse anayamikira kuti mayi awa ndi odziwa kusankha malo, ine ndikumwetulira, mumtima ndikuwatukwana mmodzimmodzi.

Komabe ndisanamizire alendo okha. Mipata inalipo, yaing'onoing'ono: pomwa tiyi, popita kukagula tomato, pamene ana ankasewera pakapinga. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Pamene funso linali lisanafunsidwe, yankho likanatha kukhala lililonse, ngakhale la Khirisimasi ikubwerayi. Ndikangoona kuti tatsala awiri, ndinkakumbukira kuti pali mbale yosatsuka kapena nyemba zosasankha, ndipo palibe munthu angadzudzule mkazi chifukwa chopita kukhitchini.

Tsiku lachinayi basi yawo inali yonyamuka masana. Ndinadzuka mamawa kukonza kamba wapaulendo. Ndinamanga ufa wotsala kuti akadye ku Joni, n'kuyamba kukazinga nsomba zoti adye panjira. Ana anali panja. Ndinamva amuna anga afika pakhomo la khitchini n'kuima. Sindinacheuke.

"Mayi a ana, tazimitsani chitofucho. Bwerani mukhale pano, ndili ndi mawu."

"Dikirani pang'ono, nsombazi zipserera."

Anaimabe pamenepo kanthawi, ndinkamva kupuma kwawo. Kenako anabwerera pabalaza. Ine ndinatembenuza nsomba imodziimodzi mosamala. Ndinati ndikangomaliza izi ndikakhala pansi, anene zawo, ine ndifunse zanga. Ndikuphula zomaliza, galimoto ya asuweni aja inaliza hutala pageti. Anabwera msanga kuti amuna anga akapeze mpando wabwino m'basi.

Kudepoti kunali phokoso ndi anthu operekeza, aliyense akufuna dzanja lawo. Ananyamula mnyamata, anasisita mtsikana pamutu. Atafika kwa ine anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene anthu amachitira pagulu, n'kunena kuti alemba kalata. Ndinawapatsa phukusi la nsomba lidakali lofunda.

Pobwerera, sitima itayandikira chilumba moti milambe inayamba kuoneka, mwana wanga wamkazi anandikoka chitenje.

"Amama, adada anena kuti abwera liti?"

Ndinamuuza kuti agwire mlongo wake asayandikire kumphepete.

Makalata anabweradi. Ankafunsa za ana, za mayi awo, za denga la nyumba. Mu imodzi anati ufa uja ankaudya pang'onopang'ono Lamulungu lokha kuti usathe msanga. Za mawu aja sanalembepo, ndipo ine sindinafunse, poganiza kuti nkhani yoti munthu anafuna kuinena titakhala pansi si yoika mu envulopu. Ndinati tidzakambirana akadzabweranso. Chaka chachiwiri chisanathe unafika uthenga kuchokera kwa anzawo akwathu kuti adwala masiku ochepa, ndipo amwalira. Anawaika komweko.

Mawu amenewo ndakhala ndikuwatembenuza zaka zonsezi. Mwina ankafuna kunena kuti akubwera, ndiyambe kuumba njerwa. Mwina ankadziwa kale kuti m'thupi simuli bwino. Mwinanso kunali mkazi wina ndi ana ena, monga zinkachitikira amuna ambiri akwathu. Masiku ena ndimasankha ili, masiku ena ilo. Koma lililonse mwa amenewa ndikanalilandira, ngakhale lopwetekalo, bola ndikanakhala pampando uja pafupi nawo, maondo athu atagundana, iwo akulankhula ine ndikuwayang'ana. Ndimawasowa kwambiri bambo a ana anga. Khitchini ija ndingathe kuijambula lero lomwe, pamene panali sinki, pamene panali zenera, ming'alu ya pakhoma. Koma mukandifunsa kuti nkhope yawo inkaoneka bwanji m'mawa umene anaima pakhomo paja, sindingakuuzeni, chifukwa sindinacheuke.