Thumba linaphimba nkhope ya bambo

Ndinakula osadziwa nkhope ya bambo anga. Anyamata a chipani anadzawatenga ine ndikadali wakhanda, akuti anayankhula mwamwano pa nkhani ya makadi, ndipo sanabwererenso. Masiku amenewo munthu akatengedwa, zithunzi zake zinkasanduka mlandu m'nyumba. Amayi anatentha ziwiri zomwe zinalipo, cha ukwati ndi china chojambulitsa ku Salima boma. Maliro sitinalire, tsitsi sitinamete. Ungalire bwanji munthu amene palibe wakuuza kuti wafa?

Zipani zambiri zitabwera, n'kuti ndikugwira ntchito yokonza zipinda pa hotela ina ku Senga Bay. Tsiku lina kunafika azibambo a bungwe losunga mbiri, atanyamula makatoni a zithunzi zimene anakazifukula kosungira zinthu zakale. Anazikhoma mu holo kuti alendo ndi ana asukulu azidzaona. Ine anandipatsa ntchito yopukuta magalasi ake m'mawa uliwonse.

Kunena zoona, azibambowo ankandikwiyitsa. Ankayenda manja kumbuyo, n'kumandiuza kagwiridwe ka nsanza ngati ndinayamba dzulo kupukuta. Panali zithunzi za njanji, za alimi a mpunga, ndi za mabwana achizungu atavala zipewa zawo. Mabwanawo maina awo analembedwa onse, osaphonya. Koma pansi pa chithunzi cha doko la Chipoka, pomwe amuna ankatsitsa matumba m'sitima, anangolemba kuti: ogwira ntchito padoko, maina sakudziwika. Bambo anga ankagwira ntchito padoko lomwelo. Ndinayang'ana nkhope iliyonse kufunafuna mphuno yanga, koma sindinadziwe kuti ndiime pa ndani.

Loweruka ndinakwera minibasi kukatenga amayi. Iwo anamva zawozawo, zoti boma latsopano likubweza zinthu za anthu. Anavala zakutchalitchi, n'kupinda chitenje chatsopano choti akakulungire chithunzicho. Ndinawauza kuti si zotenga, koma anangoti, "Iwe tiye, tikaonera konko."

Pakhomo la holo anavula patapata, monga amachitira polowa m'nyumba ya eni. Anadutsa njanji ndi mabwana aja osacheuka. Pa chithunzi cha doko anaima nthawi yaitali, mpaka ine ndinayamba kudziimba mlandu kuti ndawavutitsa pachabe. Kenako anakweza chala.

"Awa."

Munthuyo anali atawerama, thumba lalikulu lili paphewa, litaphimba mutu wonse. Zooneka zinali msana, mkono umodzi ndi miyendo basi.

"Amayi, mwawadziwa bwanji? Nkhope sikuoneka."

"Chigamba icho pakabudula ndinasoka ndine. Ndinadula ku diresi langa la madontho. Komanso taona phazi lakumanzere, likuponda chokhotera kunja ngati phazi lako."

Anayala chitenje chija pansi, n'kutambasula manja kuti atsitse chithunzicho. Mkulu wa bungwe lija anabwera chothamanga.

"Pepani mayi, izi sizichoka pano. Ndi za dziko lonse."

"Dziko linawatenga kale kamodzi," amayi anayankha motsitsa mawu. "Lero likuwakanizanso?"

Bamboyo sanali munthu woipa, ngakhale ndinkafuna kuti akhale woipa kuti ndipeze womukalipira. Anavula magalasi ake, n'kupempha mwaulemu kuti amayi amuuze dzina, alilembe pansi pa chithunzicho. Amayi anayang'ana uku ndi uku, anayang'ananso pakhomo, kenako anamunong'oneza kukhutu. Chipani chija chinali chitagwa kale, koma mantha anali adakali m'khosi mwawo. Zimenezi zinandipweteka kuposa china chilichonse tsiku limenelo.

Atatero anakhala pansi pa simenti, anatambasula miyendo, n'kuyamba kulira maliro. Analira mowaitana mwamuna wawo, kuwafunsa kuti anagona kuti, anawafunditsa ndani, bwanji anawasiyira mwana m'manja. Azimayi anzanga a kukhitchini ndi kochapira atamva, anasiya ntchito, anabwera n'kukhala nawo pansi, osafunsa kuti wamwalira ndani. Alendo anatuluka mmodzimmodzi. Bwana wa hotela anafika pakhomo, anaona, n'kubwerera. Ine ndinalirira msana ndi miyendo, poti ndizo zokha zimene ndinapatsidwa.

M'mawa mwake kunyumba amayi anandipatsa lezala. "Ndimete," anatero. Ndinawameta tsitsi lawo laimvi, iwonso anandimeta langa. Tinalikwirira kuseri kwa nyumba. Chitenje chija anachipindanso n'kuchiika pansi pa sutukesi, ndipo sanachivalepo mpaka imfa yawo.

Chionetserocho chinatha sabata yotsatira. Tsiku lolongedza ndinapukuta galasi la chithunzicho komaliza. Dzina linali litalembedwa pansi pake ndi inki yatsopano. Ndinadzipeza ndikupendeketsa mutu, munthu wamkulu ndi nzeru zanga, kuyesa kusuzumira kunsi kwa thumba lija. Kenako anachiika m'katoni, galimoto inapita nacho, ndipo sindinachionenso.

Mpaka lero ana anga akandifunsa ngati ndinafanana ndi agogo awo aamuna, sindiyankha msanga. Ndimayang'ana phazi langa lakumanzere.