Mawaya M'zala Zanga

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene kasitomala wanga wakale anabwera pakhonde pomwe ndinkasokera ku Chiputula atanyamula suti ya pakaunjika, kuti ndingomufupikitsira miyendo. Nditauza mkazi wanga NyaGondwe, anangoti, "Ngati mtima wakana kuno, lutani."

Ku Joniko sindinasoke ngakhale batani. Ndinkatsitsa matailosi pasitolo ina, kumatumiza kangachepe mwezi ukatha. Tsiku lina bokosi linapulumuka pamwamba n'kundigwera padzanja lamanja. Zala zitatu zinathyoka.

Dokotala anati pulasitala yekha sangathandize, poti mafupa anali atasemphana. Anandibaya jakisoni, mkono wonse n'kuchita dzanzi, ndipo ndili maso ndinkamva kachitsulo kobowolera kakulira ngati kwa kalipentala. M'zala ziwiri analowetsamo mawaya, nsonga zake zotulukira kunja, zopindika ngati mbedza. Chala chapakati anaching'amba n'kulumikiza fupa ndi kachitsulo ndi timasikuluwu. Mpaka lero, Mzuzu ikazizira, chalachi chimayamba kudziwa ine ndisanadziwe.

Sabata isanathe, abwana anali atalemba wina. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda, kudya buledi wouma, kumanga zipi ndi mano. Kulemba pafoni kunakanika, ndiye ndinkatumiza mawu okha.

"Bwanji masiku ano simulemba, bambo a Wongani?" anandifunsa NyaGondwe pafoni.

"Ntchito yachuluka chomene," ndinatero, ndikuyang'ana mawaya aja.

Ndinatsika basi ku Mzuzu ndi kachikwama kamodzi, dzanja lili m'jekete. Ndinakana kabaza, n'kuzungulira njira ya kumadimba kuti a pamsika asandione. NyaGondwe anamasula bandeji pang'onopang'ono, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anatenthetsa madzi n'kundisambitsa ngati mwana. Ndikanakonda akanakalipa.

Mawayawo anakandizula kuchipatala konkuno, ndi chopanira chonga cha amakaniko, kenako n'kunditumiza kumafizo kuti zala ziphunzirenso kupinda. Pabenchi ndinakhala chozyolika. Munthu wina anandikhudza phewa.

"Monile, a telala."

Anali a Mhango, mkulu wa mpingo wathu, amene tonse tinkawasirira chifukwa anabwera ku Joni n'kumanga nyumba ya malata ku Nkhorongo. Anakweza buluku. Kuchokera pabondo kutsika kunali chipsera chachitali.

"Ndinagwa pa sikafodi tikumanga nyumba ku Joni," anatero. "Chitsulo chili m'katimu chaka chachinayi. Amayi akunyumba kwanga okha ndiwo akudziwa." Analoza ndi mlomo abambo awiri kumapeto kwa benchi. "Uyo anavulalira ku Kepi, uyo ku Debeni."

Ndinakulira pakati pa anthu amenewa, ndikuwerenga malata awo, osaona kuti ena amayenda motsimphina. Tsopano ndikamva mnyamata akukamba zokwera basi ya ku Joni, ndimatulutsa dzanja langa, ngakhale nkhope imandiyaka.

Tsiku limenelo pabenchipo, a Mhango anandigwira chala chapakati chija, n'kuyamba kuchipinda pang'ono.

"Chikupweteka?"

"Chomene."

"Yewo. Ndiye kuti chili moyo. Pindaninso."